Mafupa a Charles Byrne, Munthu Wamtali wa ku Ireland

Pakati pa mudzi waukuru wa London, pa bwalo la Lincoln's Inn Fields, pali nyumba ya madotolo ong'amba matupi, dzina lace Royal College of Surgeons. M'nyumbamo muli zipinda zosungiramo zinthu zakale kuti ophunzira aziziona, ndizo zimene Azungu amati museum. Koma zinthu za m'menemo siziri mikondo kapena mbiya za makolo ai. Ziri mafupa, zigaza, mitima, mapapu ndi ziwalo zina za anthu ndi za nyama, zina zouma, zina zobviikidwa m'mabotolo a mowa waukali woposa kacasu kuti zisabvunde. Kwa zaka ngati 200 cinthu cimene alendo anathamangira kukaona m'nyumba imeneyi cinali mafupa a mnyamata mmodzi, olumikizidwa ndi waya ndi kuimikidwa ciriri m'bokosi lagalasi. Mnyamatayo asanafe anapempha cinthu cimodzi cokha, ndico kuti thupi lace lisagwe m'manja mwa madotolo. Tifuna kukuuzani mbiri yace, abale, pakuti mlandu wace sunathe kufikira lero, ndipo suli mlandu wapafupi kuuweruza.

Dzina lace linali Charles Byrne. Anabadwa m'caka ca 1761 kumpoto kwa cisumbu ca Ireland, m'dziko la Ulster, pafupi ndi nyanja ya Lough Neagh. Atate wace ndi amace anali anthu a msinkhu wonga wa anthu onse, koma mwana wao anangokulirakulira osaleka, kufikira anapambana amuna onse a m'mudzi akali mnyamata. Mafupa ace atayesedwa ali mapazi 7 ndi mainci 7 m'litali mwace. Muimike munthu wamtali wa m'mudzi mwanu, mumsenzetse dengu lalikuru pamutu, ndipo mudzazindikira pang'ono msinkhu umene tiri kunena. Anthu a kwao anapeka nthano zofotokoza cifukwa cace, monga ticita ifenso pakabadwa mwana wacilendo. Koma panalibe mmodzi anadziwa kuti utali umenewo unali nthenda.

Mwana wa amphawi wotere analibe cina cogulitsa koma msinkhu wace. Cotero anacoka kwao, naoloka kunka ku Scotland, nayenda m'midzi kuti anthu azilipira pomuona, nafika ku London m'caka ca 1782 ali ndi zaka 21. Kumeneko anachuka msanga. Munthu wofuna kulowa m'cipinda cace analipira masheleni 2 ndi makobiri 6. Olemera anadza, ndi Mfumu George III yemwe anamuona. Ndipo olemba nyuzi anamtama kuti anali wofatsa ndi waulemu. Koma maso a anthu a m'tauni sacedwa kukhuta. Caka cisanathe, makamu anacepa, mtengo unatsika kufikira sheleni imodzi, thupi lace linayamba kufoka, ndipo iye anathawira ku mowa. M'mwezi wa April 1783, ali m'nyumba ya mowa, mbala inampisa m'thumba nicotsa cuma cace conse, mapaundi 700. Pa 1 June caka comweco anamwalira, ali ndi zaka 22.

Tsono kuti mumvetse mantha amene anali nao pa mphasa yace ya imfa, tiyenera kuyamba tanena za madotolo a masiku aja. Munthu sangathe kukonza cinthu cimene sanaone m'kati mwace, ndipo wophunzira udotolo anafunika kung'amba mitembo kuti adziwe pokhala mtima, poyenda mitsempha, ndi polumikizana mafupa. Koma mitembo yololedwa inali yowerengeka. Lamulo la m'caka ca 1752 linapereka kwa madotolo matupi a anthu onyongedwa cifukwa ca kupha anzao, ndipo linatero dala kuti cilango cao cikule. Motero kung'ambidwa kunakhala cizindikiro ca ambanda, manyazi akuru pamaso pa anthu. Ndipo popeza onyongedwa sanakwanira, panauka anthu amene nchito yao inali kufukula manda usiku ndi kugulitsa mitembo pa makomo a kuseri a sukulu za madotolo. Amphawi analonda manda a abale ao usiku, ndipo okhoza anagula mabokosi acitsulo. Ife timanjenjemera pomva nkhani za afiti ofukula manda. Anthu a ku London a masiku aja analibe cifukwa ca kukayika konse, pakuti ofukulawo anali kudziwika maina ao ndi mitengo yao.

Wopambana madotolo onse a nthawi imeneyo anali John Hunter. Anabadwa ku Scotland m'caka ca 1728, mwana wotsiriza m'banja la ana 10, ndipo sanakonda sukulu ngakhale pang'ono. M'caka ca 1748 anamuka ku London kukathandiza mkuru wace William, amene anali ndi sukulu yophunzitsa za thupi la munthu, ndipo kumeneko manja ace anaoneka aluso koposa. Tisafulumire kumuyesa munthu woipa cabe. M'masiku amene madotolo ambiri anangotsata mabuku akale, nakhetsa mwazi wa odwala monga acita olumika ndi nyanga, Hunter anaphunzitsa anyamata ace kuti asakhulupire mau a munthu asanayese okha ndi kuona ndi maso. Mmodzi wa anyamatawo anali Edward Jenner, amene m'caka ca 1796 anayamba katemera wa nthomba. Cotero yense wa ife amene ali ndi cipsera ca katemera pa mkono ali nako kangongole kwa mphunzitsi ameneyu.

Nkhani imodzi itisonyeza macitidwe ace. M'mwezi wa December 1785 anadza kwa iye munthu woyendetsa gareta wa akavalo, amene mtsempha wa mwazi kuseri kwa bondo lace unatupa ngati ufuna kuphulika. Ambiri odwala cotero anadulidwa mwendo, kapena anafa. Hunter anaganiza kuti akamanga mtsemphawo pamwamba, m'nchafu, mwazi udzadzipezera njira m'timitsempha tating'ono, monga madzi acita potseka mfuleni. Anatero, ndipo munthuyo anacira nabwerera ku nchito yace ndi miyendo yonse iwiri. Patapita caka ndi miyezi anafa ndi nthenda yina, ndipo mwendowo unang'ambidwa kuti aone ngati ganizo lija linali loona. Umo ndimo anasonkhanitsira zinthu zace, cimodzi cimodzi, kufikira zinakwana pafupifupi 14,000, za anthu ndi za mitundu ya nyama ngati 500. Kwa iye zimenezi zinali buku, lolembedwa ndi nyama ndi mafupa. Koma munthu wokonda buku lace kopambana akhoza kuiwala kuti tsamba liri lonse linali mwana wa munthu wina.

Byrne anadziwa kuti madotolo ali kumdikira. Cifukwa cace anapangana ndi abwenzi ace kuti akafa amuike m'bokosi lolemera la mtobvu, namuke nalo ku Margate, mudzi wa m'mbali mwa nyanja yamcere mamailosi ngati 70 kum'mawa kwa London, nakaliponye m'madzi akuya kumene khasu la wofukula silingafike. Taganizani munthu wa zaka 22, mlendo m'dziko la eni, wokana manda a pamtunda cifukwa ca kuopa anthu ophunzira! Atangotsirizika, nyuzi ina inalemba kuti madotolo anazinga nyumba yace monga asodzi azinga namgumi. Abwenzi aja ananyamuladi bokosi, koma thupi silinafika kunyanja. Hunter anapereka ndalama za ciphuphu, ndipo kunamveka kuti zinali mapaundi 500. Mtembo unacotsedwa mobisa, nutengedwa kunka ku nyumba yace ya ku Earl's Court. Kumeneko, poopa kugwidwa, anauduladula msanga, nauphika mumphika waukuru kufikira mnofu unalekana ndi mafupa. Ndipo anakhala cete zaka zinai, osaonetsa mafupawo poyera kufikira caka ca 1787.

Pano pali cinthu codabwitsa. Hunter, amene anataya cuma cotere ndi kucita coipa cotere kuti apeze thupilo, sanaphunziramo kanthu. Kufulumira kwa wakuba kunaononga zonse zofewa za m'kati, ndipo cigaza sanacitsegula. Cinsinsi ca utali wa Byrne cinali m'menemo, ndipo iye anafa m'caka ca 1793 osacidziwa. M'caka ca 1799 Boma la Britain linagula zinthu zace zonse ndi mapaundi 15,000, nilizipereka kwa madotolo kuti azisunge, ndipo nyumba yosungiramo inachedwa Hunterian Museum, kukumbukira dzina lace.

Mafupawo anaima cete zaka zoposa 100, anthu nangowapenya ndi kuzizwa. M'caka ca 1909 dotolo wa ku America, Harvey Cushing, katswiri wa nthenda za m'bongo, anapempha wosunga museum, Arthur Keith, kuti atsegule cigazaco. Pansi pa bongo wa munthu ali yense pali kanyama kakang'ono konga mbeu ya nandolo, dzina lace pituitary, kokhala m'kadzenje ka pfupa monga dzira m'cisa. Kanyamaka katulutsa timadzi tolowa m'mwazi, ndipo timadzi timeneti ndito tiuza mafupa a mwana kuti akule. Atatsegula cigaza ca Byrne anapeza kadzenjeko katakula kwambiri, ndiko kunena kuti munali cotupa cimene cinakankha pfupa. Cotupaco cinatulutsa timadzi tija kosaleka, ndipo thupi linamvera. Motero cimene anthu analipira masheleni kuti acione, naciyesa mphamvu, cinali nthenda imene inali kumupha.

Pa nkhondo ya Hitler, usiku wa pa 10 May 1941, mabomba anagwa pa nyumbayo ndipo moto unanyeketsa zinthu zambirimbiri. Mwa zija za Hunter zatsala ngati 3,500 zokha. Mafupa a Byrne anapulumuka.

Ndipo anali asanathe kulankhula. M'thupi mwa munthu, ngakhale m'dzino louma, muli malembo obisika amene mwana alandira kwa atate wace ndi amace, ndiwo amene acititsa kuti afanane ndi a mtundu wace. Anzeru amawacha DNA. Dotolo wina wamkazi wa ku London, Márta Korbonits, anali kusamala mabanja a kumpoto kwa Ireland m'mene nthenda ya kutalika inaonekaoneka. Iye ndi anzace analoledwa kutenga mano awiri a Byrne, nawerenga malembo a m'menemo, ndipo m'caka ca 2011 analengeza cimene anapeza. Pa malo amodzi, ochedwa AIP, panali colakwa, monga mlembi akaphonya lemba limodzi potengera kalata. Ndipo colakwa comweco cinapezeka m'mabanja anai amoyo a dziko lomwelo. Onsewo, pamodzi ndi Byrne, anacokera kwa kholo limodzi limene linakhala mibadwo yoposa 50 kapitako. Mnyamata amene anafa yekha pakati pa alendo anapezeka kuti ali nalo pfuko lalikuru losadziwana.

Phindu la ici siliri laling'ono. Ambiri okhala ndi colakwa cija sadwala konse, koma akhoza kupatsira ana ao. Tsopano anthu a m'dera limenelo akhoza kuyesedwa mwazi, ndipo mwana wopezeka naco ayang'aniridwa akali wamng'ono. Cotupa cikayamba, madotolo acigonjetsa ndi mankhwala kapena acicotsa podzera m'mphuno, mwanayo asanapunduke. Alipo anyamata ndi asungwana lero amene adzakhala a msinkhu wa anzao, nadzaona zidzukulu zao, ndipo mano awiri aja anathandizapo. Wonena kuti nyumba zosungira mafupa ndi zopanda pace sanena zoona. Ife aphunzitsi tidziwa kuti mwana agwira msanga cimene waona ndi maso koposa cimene wangomva. Ndipo funso limene mbadwo uno sudziwa kufunsa, mbadwo wa mawa udzalifunsa, ngati cinthu cofunsidwaco cikalipo.

Komatu tiyeni tiutengere mlanduwu pa bwalo la mfumu. Munthu waba mbuzi ya mnzace, ndipo mbuziyo yaswa ana khumi, mkaka wace nuciritsa ana odwala a m'mudzi. Kodi akuru a pabwalo adzati, popeza mbuzi yapindulitsa mudzi, mwini wace alibenso mau? Iai, adzayamika mkakawo, koma adzati mbuzi ibwerere. Ndipo Byrne sanabedwa mbuzi. Anabedwa thupi lace, atanena momveka kuti safuna. M'caka ca 2011 comweco anthu awiri ophunzira, Len Doyal ndi Thomas Muinzer, analemba m'nyuzi ya madotolo a ku Britain kuti nthawi yakwana yakuti mafupawo aikidwe m'nyanja. Anati malembo a m'mano awerengedwa kale, ndipo alipo anthu amoyo a nthenda yomweyo amene akhoza kubvomera okha kuyesedwa. Osunga museum anayankha kuti sitidziwa cimene nzeru za m'tsogolo zidzafuna m'mafupamo. Yankho limeneli liri ndi mphamvu, pakuti m'caka ca 1909 panalibe munthu analota za kuwerenga dzino. Koma tiona kuti yankho lotere silidzatha nthawi zonse, pakuti m'tsogolo simutha. Ndipo ngati tilibvomereza, palibe tsiku limene wakufayo adzamvedwa.

Ena amati Byrne anaopa kuti thupi lodulidwa silidzauka tsiku lomariza, ndipo popeza mantha amenewo ali opanda pace, pempho lacenso liribe kulemera. Zoonadi ife sitikayika kuti Iye amene anaumba munthu ndi dothi akhoza kuukitsa wodyedwa ndi ng'ona, ndi wopserera m'nyumba, ndi woimikidwa m'galasi yemwe. Koma Yosefe sanakayika mphamvu ya Mulungu pamene analumbiritsa abale ace za mafupa ace. Ndipo Mose, pa usiku wa cipiringu uja wa kuturuka m'Aigupto, pokhala nazo zambiri zoti anyamule, sanati wakufa sadziwa kanthu. Ananyamula mafupawo, nayenda nao ana a Israyeli zaka zonse za m'cipululu, kufikira anawaika ku Sekemu. Kwathu kunonso mau a munthu wotsirizika sitiwaponda. Akati mukandiike kwa amai anga, adzukulu asenza maliro ngakhale mtunda utalike.

Nkhani ya David Livingstone, imene tonse tiidziwa, itionetsa njira yina. Atamwalira kwa Chitambo m'caka ca 1873, Susi ndi Chuma ndi anzao anaumika thupi lace nalinyamula miyezi yambiri kufikira kunyanja yamcere. Litafika ku London m'caka ca 1874, nkhope inali yosazindikirika, ndipo panali kukayika ngati analidi iye. Dotolo William Fergusson anayang'ana pfupa la mkono wamanzere, napeza pamene mkango unaliphwanya ku Mabotsa m'caka ca 1844, posalumikizika bwino. Pamenepo kukayika kunatha. Madotolo anaumba cifanizo ca pfupalo kuti cisungidwe ndi kuphunziridwa, ndipo cimodzi ciri ku Glasgow. Koma mwini wace anaikidwa ndi ulemu m'kacisi wa Westminster Abbey. Nzeru inapeza gawo lace, ndi manda anapeza gawo lao. M'kacisi yemweyo mugonanso John Hunter, pakuti m'caka ca 1859 bokosi lace linacotsedwa kumene linaikidwa poyamba, nilisamutsidwira kumeneko pakati pa akuru a dziko. Wophika mnzace mumphika agona wamphumphu pansi pa mwala wolembedwa.

Tikayang'ana bwino maina a anthu amene mafupa ao anadzaza nyumba zotere, tipeza kuti ambiri anali amphawi, akaidi ndi alendo. Lamulo la m'caka ca 1832, limene linaletsa malonda a ofukula manda, linapatsa madotolo mitembo ya osauka ofera m'nyumba za Boma popanda mbale wakuitola. Ndipo a ku Africa sanasiyidwa. Sarah Baartman, mkazi wa ku South Africa amene anaonetsedwa kwa makamu monga Byrne, anafera ku Paris m'caka ca 1815, ndipo mafupa ace anaonetsedwa m'museum ya kumeneko kufikira caka ca 1974. Koma iye anali nalo dziko lomlirira. Nelson Mandela anapempha, a ku France anakangana zaka zingapo, ndipo m'caka ca 2002 anabwera naikidwa m'nthaka ya kwao ku Hankey. Masiku ano ku England lamulo la m'caka ca 2004 liletsa kusunga kapena kuonetsa thupi la munthu wosabvomera, ndipo sukulu za madotolo ziphunzitsa ndi matupi a anthu amene analemba okha akali moyo kuti awapereka; mphatso imeneyo tiilemekeza ndithu. Koma lamulolo silifikira mitembo yakale yoposa zaka 100, cotero Byrne anatsala kunja kwa mpanda.

Hunterian Museum inatsekedwa m'caka ca 2017 kuti nyumba ikonzedwe. M'mwezi wa January 2023 akuru oyang'anira analengeza kuti mafupa a Charles Byrne sadzaonetsedwanso kwa alendo, koma sadzaikidwa m'nyanja. Adzasungidwa m'kati kuti madotolo ofufuza nthenda ija aziwafika. Ife tiyesa kuti anayenda theka la ulendo, naima. Kumcotsa pamaso pa makamu kunali kukoma mtima, koma iye sanapempha kuti abisidwe. Anapempha madzi akuya a ku Margate, ndipo anachula madotolo kuti ndiwo amene anawathawa.

Pamene zitseko zinatsegulidwanso m'mwezi wa May caka comweco, bokosi lagalasi lija munalibe. Alendo tsopano aona cithunzi cacikuru ca John Hunter, cojambula Joshua Reynolds iye akali moyo. Hunter akhala pa mpando, dzanja liri kucibwano, maso ali kumwamba monga munthu wolingalira zakuya, mabuku ace ali pambali. Ndipo kumbuyo kwace, pamwamba ku ngondya ya cithunzico, mmisiri anajambula mafupa a mapazi awiri atali, olenjekeka.